Kodi Zotsala M'munda N'zopanda Mwini?

Misa ikatha Lamulungu, Akhristu ambiri amadzera kumsika asanafike kunyumba. Tomato amaikidwa m'kajumbo kake, anyezi m'kajumbo kake, usipa m'kajumbo kake, ndipo tchipisi cha pachiwaya nachonso chimabwera m'kajumbo. Pofika madzulo timajumbo tambiri timakhala tili m'ngalande. Mvula ikagwa timakokolokera mu Mudi kapena mu Naperi, ndipo madzi a mitsinje imeneyi amatsetsereka mpaka kukathira mu Shire, kumunsi kwa mapiri. Chimene munthu wa m'tauni wataya amakachilandira ndi munthu wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje, amene tchipisicho sanadye nawo.

Vutoli boma linaliona kale. M'chaka cha 2015 linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikiloni 60. Makampani opanga mapulasitiki anathamangira kukhoti, ndipo nkhani inakoka mpaka mu Julaye 2019, pamene Khoti Lalikulu la Apilo linagamula kuti chiletsocho chikhale. Ngakhale pambuyo pa chigamulocho milandu ina inabukanso, majumbo n'kumagulitsidwabe. Mmodzi mwa amene analimbana nayo nkhaniyi ndi Mayi Gloria Majiga-Kamoto, amene analandira mphoto ya Goldman mu 2021. Chimene chinawatsegula maso chinali mbuzi za alimi zimene zinkafa zitameza mapulasitiki. Kafukufuku amene anatuluka mu 2019 anayerekeza kuti dziko la Malawi limapanga matani 75,000 a pulasitiki pa chaka, ndipo magawo 80 pa 100 alionse ndi ogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya.

Koma kuletsa kokha sikuyankha funso la mayi wogulitsa mandasi pa depoti: nanga kasitomala amuikira muti? Apa m'pamene pabwera ganizo limene likukopa achinyamata ambiri ophunzira, lakuti zoikamo katundu zipangidwe kuchokera ku zotsala za m'munda, zoti zikatayidwa ziziola n'kubwerera kunthaka.

Ganizo lokoma

Luso lake lilipo ndipo likugwira ntchito. M'maiko monga India ndi China muli mafakitale opanga mbale, makapu ndi timabokosi ta chakudya kuchokera ku zotsala za nzimbe zikafinyidwa, zimene a kufakitale amazitcha bagasse. Zotsalazo amazidula tizidutswa, amaziviika ndi kuziphika mpaka zitasanduka phala, kenaka phalalo amalipanikiza m'zikombole zotentha. Mapesi a mpunga ndi makungwa a nthochi amatheka chimodzimodzi. Ku Kenya, mnyamata wina wophunzira za uinjiniya, Joseph Nguthiru, anayambitsa kampani ya HyaPak bwato limene anakwera litakodwa mu namasupuni pa nyanja ya Naivasha. Kampaniyo imapanga timachubu tofesera mbande kuchokera ku namasupuniyo, toti munthu amabzala nato pamodzi n'kuolera pansi. Kuno kumudzi, bungwe la PAMET mu Blantyre ladziwika kwa zaka zambiri popanga mapepala pamanja kuchokera ku mapepala akale, makungwa a nthochi ngakhale ndowe za njovu.

Munthu akatsika chitunda cha ku Thabwa n'kuona chigwa cha Shire, angathe kunena kuti zipangizo zonse zili pompo. Ku Nchalo nzimbe zakhala zikulimidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1960. Ku Nkhate ndi ku Muona kuli masikimu a mpunga. Ku Ngabu ndi ku Bangula kuli thonje, mapira ndi mchewere. Mu Shire ndi m'dambo la Elephant Marsh namasupuni wachita kuphimba madzi. Wabizinesi wa mtima wabwino angawerenge chonchi: zinyalala za mlimi zigulidwe, mlimi apeze kangachepe, achinyamata apeze ntchito, jumbo ichoke pamsika. Bizinesi yotere, yofuna phindu pamodzi ndi ubwino wa anthu, imaoneka ngati palibe amene ingamulakwire.

Komabe m'chiwerengero chimenechi muli liwu limodzi lofunika kuliunika bwino, liwu lakuti zinyalala. Chinthu chimatchedwa chinyalala ndi munthu amene sachifuna. Kodi anthu a kuchigwa anafunsidwa ngati mapesi awo sawafuna?

Eni ake atatu

Mwini woyamba wa zotsala m'munda ndi chiweto. Chigwa cha Shire ndi dziko la ng'ombe ndi mbuzi, ndipo nyama yambiri imene imadyedwa mu Blantyre imakwera kuchokera kumeneko. Mwezi wa Okutobala, dzuwa likaswa mtengo, udzu utauma ndi kupsa, ziweto zimakhalira moyo mapesi a mapira ndi a chimanga otsala m'minda. Lole ikabwera mu Juni kudzatenga mapesiwo, njala yake imadzaoneka patapita miyezi inayi, pa nthiti za ng'ombe.

Mwini wachiwiri ndi nthaka. Alangizi a zaulimi akhala akuphunzitsa kwa zaka zambiri kuti mapesi asatenthedwe koma aphimbire munda, kuti chinyezi chisathawe msanga, madzi a mvula asakokolole dothi, ndiponso kuti mapesiwo akaola abwezeretse chonde. M'dera lotentha ngati Nsanje, kumene mvula imatha kudula pakati pa nyengo, munda wophimbira ndi munda wambee zimasiyana kwambiri pokolola. Nthaka siyankhula pamsonkhano ndipo sisaina pangano la malonda. Imangobweza m'chaka chotsatira molingana ndi zimene inasiyiridwa.

Mwini wachitatu ndi mmphawi. Mayi wamasiye amene alibe ndalama ya makala amaphikira zitsononkho ndi mapesi. Mapesi a mapira amamangira mpanda ndi bafa. Mankhusu a mpunga amayalidwa m'khola la nkhuku. Anthu amenewa amatenga zinthuzi osalipira, chifukwa mudzi wonse umadziwa kuti zotsala n'za aliyense wozisowa. Tsiku limene mapesi adzakhale ndi mtengo pa kilogalamu, mwini munda adzayamba kuwalondera, ndipo mayi uja adzasanduka wakuba pa chinthu chimene dzulo ankatola masanasana.

Mwambo umenewu ndi wakale kwambiri. Malembo Oyera, m'buku la Levitiko mutu 19, amalamula wokolola kuti asamalize munda wonse mpaka m'mphepete ndiponso asabwerere kukatola zimene zagwa, chifukwa zimenezo n'za osauka ndi alendo. Rute, mkazi wamasiye wachilendo, anadyetsa apongozi ake ndi khunkha la m'munda wa Boazi. A Malawi akhala akukunkha mtedza ndi chimanga m'minda ya anzawo kuyambira makedzana popanda wowathamangitsa. Nzeru yake ndi imodzi: chimene mwini munda wasiya chakhala kale ndi wochiyembekezera.

Ngakhale zotsala za nzimbe zili ndi ntchito kale. Fakitale ya Illovo ku Nchalo imazisonkhezera m'ng'anjo zake kuti ipeze nthunzi ndi magetsi oyendetsera makina, ndipo kampani ya PressCane imatenga manyuchi otsala popanga shuga n'kupangira ethanol. Wofuna bagasse wa mbale ayenera kudziwa kuti akulimbirana ndi moto umene ukuyendetsa fakitaleyo.

Mbali inayo

Wina angatsutse, ndipo ali ndi mfundo. Mlimi si mwana. Ngati akufuna kugulitsa mapesi ake kuti alipire fizi kapena agule mankhwala, ndani ali ndi ufulu womuletsa? Anthu a kuchigwa aona madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023. Ambiri amanganso nyumba kawiri kapena katatu. Kuuza munthu wotere kuti asunge mapesi chifukwa cha nthaka, wouzayo ali pa mpando wofewa m'tauni, kungakhale chipongwe. Komanso minda yambiri imatenthedwa chaka ndi chaka posaka mbewa ndi posadzula, moti mapesi amene akanapanga kabokosi amangopita mu utsi.

Zonsezi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake ganizoli siliyenera kukanidwa. Pali zotsala zimene zilidi zaulere. Mitengo ya thonje imayenera kuzulidwa ndi kuwonongedwa ikatha nyengo yokolola pofuna kupha mbozi zisanafike chaka china. Namasupuni amatseka njira za mabwato, amavutitsa asodzi ndipo amasokoneza makina opangira magetsi mu Shire. Thunthu la nthochi limabereka kamodzi kokha, kenaka limadulidwa. Bizinesi yoyambira pa zinthu ngati zimenezi imachotsa mtolo pamutu pa anthu popanda kulanda chakudya cha ng'ombe.

Koma pa mapesi, mawu akuti mlimi wagulitsa mwa kufuna kwake ayenera kumvedwa mosamala. Munthu amene nkhokwe yake yatha mu Disembala amavomera mtengo uliwonse. Alimi a thonje amaidziwa bwino nkhani ya wogula amene amabwera ndi sikelo yake, mtengo wake ndi tsiku lake. Kuvomera kwa munthu wanjala sikusandutsa mtengo woipa kukhala wachilungamo. Kampani itha kulemba pa kabokosi kake kuti ikuteteza chilengedwe, chithunzi cha mayi wakumudzi akumwetulira chili pambali, pamene mayiyo analandira ndalama yosakwana n'kugula sopo. Dzina labwino la ntchito silikhululukira sikelo yonama.

Muyeso wake

Bizinesi yodzitcha yothandiza anthu iyesedwe ndi mafunso amene munthu wamba angathe kufunsa. Kodi imagula zimene zilidi zotsala, kapena imasesa munda wonse? Kodi mtengo anaukambirana ndi alimi ali pagulu, kapena anaupereka kwa mmodzimmodzi pa nthawi ya njala? Kodi fakitale ili ku Nchalo kapena ku Ngabu, kumene achinyamata a komweko angalembedwe ntchito, kapena chigwa chimangotumiza zipangizo phindu n'kukatsalira kumtunda? Kodi katunduyo amaoladi akagwera m'ngalande? Funso lotsirizali n'lofunika, chifukwa mapulasitiki ena otchedwa oola amaola pokhapokha m'malo otentha okonzedwa mwapadera, ndipo mumtsinje amakhala nthawi yaitali ngati jumbo wamba.

Chitsanzo cha umwini chilipo kale m'chigwa momwemo. Alimi a kopaletivi ya Phata ku Chikwawa anaphatikiza minda yawo kuti alime nzimbe pamodzi, ndipo amagawana phindu monga eni ake. Ngati zatheka pa nzimbe, zingathekenso pa makungwa a nthochi ndi namasupuni, kuti wotola zipangizo akhalenso ndi gawo m'kampani ndi liwu pa mtengo.

Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, anadzudzula chizolowezi chogwiritsa ntchito n'kutaya, ndipo anaonetsa kuti mtima umene umataya zinthu mosasamala ndi womwewo umene umataya anthu. Anaphunzitsanso kuti kusamala chilengedwe ndi kuchitira chilungamo osauka ndi ntchito imodzi. Mtsinje wa Mudi ukayera koma ng'ombe za ku Ngabu zitaonda ndi minda ya ku Nsanje itaguga, vuto lidzakhala litangosamutsidwa kuchoka kwa amene ali ndi mawu kupita kwa amene alibe.

Gawo la wogula

Nkhaniyi imabwerera kwa Mkhristu uja ali pamsika Misa itatha. Jumbo imaoneka yaulere chifukwa mtengo wake weniweni amalipira ndi ena: mwini mbuzi imene yafa, banja limene madzi alowa m'nyumba ngalande itatsekeka, msodzi amene ukonde wake wakola mapulasitiki. Kabokosi kopangidwa mwachilungamo kadzakwera mtengo kuposa jumbo, chifukwa mlimi ndi wantchito adzakhala atalipidwa. Walira mvula walira matope. Wofuna tauni yaukhondo koma wokana kuonjezera kandalama pa tchipisi chake akupempha kuti wina wa kumudzi amulipirire.

Palinso njira imene sifuna fakitale. Agogo ankapita kumsika ndi dengu, ankasunga mfutso m'chikwatu cha masamba, ankaphika mkate wa nthochi m'masamba a nthochi yomweyo. Kuchigwa kuli amisiri oluka madengu ndi zikwama za mlaza zimene zimakhala zaka. Banja limene lagula chikwama chimodzi chotere lalipira mmisiri mwachindunji ndipo lakana majumbo mazanamazana osatenga phesi la munthu. Miphakati ndi magulu a m'parishi, amene amaphika ndi kugawa chakudya pa maukwati, pa maliro ndi pa zikondwerero, angathe kuyamba ndi mbale zotsuka m'malo mwa timabokosi totaya.

Ambuye Yesu atadyetsa khamu la anthu, anauza ophunzira ake kuti atolere makombo, ndipo anadzaza madengu 12. Wodziwa kuchulukitsa mkate sanaone zotsala ngati zopanda pake. Amene akufuna kusandutsa zotsala za m'chigwa cha Shire kukhala katundu wa pamsika ayamba ntchito yabwino, ndipo ayenera kuthandizidwa ndi kugulidwa. Koma asanakweze mtolo woyamba pa lole, ayambe akhala pansi pa mtengo ndi eni minda, eni ziweto ndi amayi otola mapesi, awafunse kuti n'ziti zimene angatenge ndipo n'ziti zimene ziyenera kutsala.