Kodi Mwana wa Mlimi Ayenera Kukhala Mlimi?

Kwa Chitukula, kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe, mwana wa mlimi wa fodya amayamba kudziwa ntchito ya makolo ake asanadziwe kulemba kalata. Amaona nazale ikuthiriridwa dzuwa likuswa mtengo, masamba akusokedwa n'kupachikidwa m'chigafa, mabelo akupita ku okushoni ku Kanengo. Ndege zokatera pa bwalo la Kamuzu amaziona tsiku ndi tsiku, koma n'kovuta kupeza munthu m'mudzimo womuuza zimene ayenera kuphunzira kuti adzathe kuziyendetsa kapena kuzikonza. Mwana amalakalaka ntchito imene waiona ndi maso, ndipo yoyamba kuiona ndi ya makolo ake.

Achewa ali ndi miyambi iwiri yooneka ngati yotsutsana. Wina umati make mbuu, mwana mbuu. Winawo umati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Nanga kholo labwino litsate uti?

Makolo ena amagwira mwambi woyambawo. Munda ulipo, manja akuchepa, ndiye nyengo yothyola ndi kusankha fodya ikafika mwana amajomba kusukulu. Kholo lotere silidana ndi mwana wake, likungoopa njala ndi ngongole ya feteleza. Komabe mwana wolephera mayeso a Sitandade 8 chifukwa cha chigafa sanasankhe ulimi, ena amusankhira. N'chifukwa chake lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo mu 2021 dziko lino lidathetsa utenanti, umene unkalowetsa banja lonse m'munda wa mwini esiteti.

Makolo ena amachita zosiyana. Amauza mwana kuti alimbikire sukulu kuti asadzagwire khasu ngati iwo. Mawuwa amachokera m'chikondi, ndipo afala chiyambire sukulu ya pulaimale yaulere mu 1994. Koma ali ndi ululu wobisika: amaphunzitsa mwana kuchita manyazi ndi ntchito imene yamulera, osamulozera ina. Akalemba Folomu 4 n'kusapeza malo ku koleji, kumunda sakufunanso, ku ofesi sakumudziwa. Ambiri mwa anyamata a kabaza ndi ogulitsa malonda m'misewu ya mzinda uno anachoka kumudzi ali pakati potero.

Njira ziwirizi zikulakwa pamalo amodzi. Zonse zikuyesa kuti chimene kholo limasiyira mwana ndi dzina la ntchito, choti alandire kapena akane. Cholowa chenicheni ndi kagwiridwe kake: kudzuka m'mamawa, kudikira mvula, kusanama pa sikelo, kumaliza chimene wayamba. Zimenezi namwino amazifuna, mmisiri amazifunanso. Yosefe Woyera adaphunzitsa Yesu ukalipentala ku Nazarete, koma nthawi itakwana sanamutsekere m'shopu. Mwana ali ndi ngongole yolemekeza makolo ndi kuwasamala, osati yobwereza moyo wawo.

Ndipo ulimi si khasu lokha. Ku Chitedze, pa msewu wa Mchinji, akatswiri akhala akufufuza za mbewu kuyambira 1948. Ku Bunda amaphunzitsa za nthaka, ziweto ndi malonda a zokolola. Ku Namitete kuli sukulu ya ntchito zamanja. Mwana wodziwa kale fungo la nthaka yonyowa akhoza kupambana anzake m'malo amenewa, atangouzidwa kuti alipo ndi maphunziro ofunika kuti alowemo. Akabwerera kumunda atadziwa zonsezi, ndiye kuti wasankha yekha.

Apa mpamene nkhaniyi ikukhudza mabanja a m'tauni muno. Ambiri ali ndi abale kwa Chitukula, ku Nsaru, kwa Kabudula kapena ku Nambuma. Kwa mwana wa kumeneko, amalume ake aphunzitsi kapena azakhali ake a kuchipatala ndiwo zenera lokhalo loonera ntchito zina. Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi zambiri amaitanidwa m'tauni kudzalera khanda ndi kutsuka mbale, lonjezo la sukulu n'kuiwalika. Tchuthi chikubwerachi, wogwira ntchito aliyense angathe kutenga mphwake tsiku limodzi kukamuonetsa kumene amagwira, kumufotokozera maphunziro amene anamufikitsa kumeneko, ndiponso kufunsa makolo ake ngati fizi ya temu yamawa yapezeka.