Phunziro 9: Akapitawo a Zovala Zathu

SABATA MASANA

Vesi Loloweza: Yohane 6:12.

Mfundo Yaikulu: Chovala chilichonse chichokera m'chilengedwe cha Mulungu, ndipo chidutsa m'manja mwa ana ake chisanatifike. Kotero kagulidwe, kasamalidwe ndi katayidwe kathu ka zovala ndi mbali ya ukapitawo.

Tikamva mawu akuti ukapitawo, ambiri a ife timaganiza za chakhumi ndi zopereka zokha. Koma kapitawo adzafunsidwa za zonse zimene mbuye wake anamsungitsa. Pa msika wa Zomba, pamene belo la kaunjika limasulidwa, timathamangira malaya amene anasokedwa ku Asia, navalidwa ku Ulaya kapena ku America, nadzafika kwa ife pa mtengo wotsika. Sabata ino tidzifunse mafunso awiri: ndani analipira mtengo weniweni wa chovala chathu, ndipo chidzathera kuti tikatopa nacho?

TSIKU LOYAMBA: Chovala Choyamba

Kodi ndani anapatsa munthu chovala choyamba cholimba, ndipo chinapezeka pa mtengo wanji? Genesis 3:7, 21.

Masamba a mkuyu amene Adamu ndi Hava anadzisokera sakanakhalitsa. Yehova mwini anawaveka zikopa, ndipo kuti zikopazo zipezeke nyama yosalakwa inafa. Ichi choyamba chiloza kwa Mwanawankhosa wa Mulungu. Komanso chitiphunzitsa kuti palibe chovala chaulere. Wina amataya kanthu kuti ife tivale.

Makolo athu anachidziwa bwino chimenechi. Nyanda inkafuna kuti munthu asende khungwa la mtengo nalisule kufikira litafewa. M'chaka cha 1859 David Livingstone anapeza Amang'anja a m'chigwa cha Shire akulima thonje, akupota ulusi ndi kuomba nsalu zawo. Munthu amene anadziwa masiku amene nsalu imodzi inatenga sankaitaya mwachisawawa. Lero sitionanso manja amene atisokera, ndipo chimene maso sachiona mtima suchedwa kuchipeputsa.

LOLEMBA: Malipiro a Wantchito

Kodi Mulungu anena chiyani za waganyu waumphawi ndi za malipiro obisidwa? Deuteronomo 24:14, 15, Yakobo 5:1-4.

Dziko lathu ndi dziko la thonje. Limalimidwa ku Chikwawa, ku Nsanje, ku Balaka ndi ku Salima, ndipo m'boma lathu lomwe lino muli malo ofufuzira zaulimi a Makoka, pafupi ndi Thondwe, amene adziwika ndi kafukufuku wa thonje. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 fakitale ya David Whitehead and Sons ku Blantyre inkasandutsa thonje limeneli kukhala nsalu, nilemba ntchito anthu zikwi zingapo. Malonda ndi maiko akunja atamasulidwa, kaunjika ndi nsalu zotsika mtengo zinasefukira m'misika, fakitaleyo inafooka, ndipo m'chaka cha 2003 inagulitsidwa kwa a Mapeto. Thonje lathu lambiri limatuluka m'dziko lisanakhale nsalu, ndipo mlimi amalandira gawo laling'ono koposa.

Kumene zovala zatsopano zimasokedwa nakonso kuli misozi. Pa 24 April 2013 nyumba ya Rana Plaza ku Bangladesh, mmene munali mafakitale osokera masitolo a maiko olemera, inagwa nipha anthu oposa 1,100, ambiri a iwo akazi. Ming'alu inali itaoneka dzulo lake, koma osoka anauzidwa kuti alowebe. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tisafulumire kuweruza kaunjika. Yaveka amasiye, yalipirira ana ambiri sukulu, ndipo italikitsa moyo wa chovala chimene chikanatayidwa. Koma mawu a Yakobo satha kutsidya kwa nyanja. Telala wa pakhonde kwa Chinamwali kapena ku Matawale amagona mochedwa kuti diresi lathu lithe Sabata lisanalowe. Timanenerera mtengo kufikira phindu lake litatha, titenga chovala, nitimuuza kuti ndalama adzaziona kumapeto kwa mwezi.

Kodi pali wosoka kapena wochapa amene akudikira malipiro ake kwa ife lero? Nanga tingaime bwanji pamaso pa Mulungu m'chovala chimene sitinalipire?

LACHIWIRI: Akasupe a Madzi

Kodi mngelo woyamba atiitana kulambira yani? Nanga chiweruzo chidzagwera ayani? Chivumbulutso 14:6, 7, 11:18.

Uthenga umene ife monga mpingo tapatsidwa utchula Mlengi wa nyanja ndi akasupe a madzi. Ife a ku Zomba sitifunika kuuzidwa tanthauzo la kasupe. Madzi amene timamwa mumzinda muno atsika kuchokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri, ndipo mtsinje wa Likangala utenga zonse zimene titaya nukazitula m'nyanja ya Chilwa. Pamene mvula inachepa ndipo Chilwa inaphwa m'chaka cha 1995, ndiponso mbali yake yaikulu mu 2018, tinaona mabwato atakhala pa matope ouma ndi asodzi atasowa pogwira.

Ku Asia nyanja ya Aral, imene inali imodzi mwa nyanja zazikulu za pakati pa mtunda, inauma mbali yaikulu ndi dzanja la munthu. Kuyambira m'ma 1960 mitsinje yoithira inapatutsidwa kukathirira minda ya thonje. Mankhwala onyikira nsalu nawonso aipitsa mitsinje yambiri kumene kuli mafakitale.

Zovala zambiri za lero ndi za poliyesitala, ulusi wopangidwa kuchokera ku mafuta a pansi. Nsalu ya thonje ikatha imaola nibwerera kudothi. Ya poliyesitala imakhala zaka zambiri osaola. Tikaitaya m'ngalande itseka njira ya madzi, tikaiotcha utsi wake upweteka chifuwa. Sabata ndi chikumbutso cha chilengedwe. Kodi n'koyenera kulemekeza Mlengi tsiku lachisanu ndi chiwiri, kwinaku tikuononga ntchito ya manja ake masiku asanu ndi limodzi?

LACHITATU: Zotikwanira

Kodi malemba awa atiphunzitsanji za kusunga chimene tili nacho? Deuteronomo 8:4, 1 Timoteo 6:6-8, 2 Timoteo 4:13, 21.

M'chipululu Yehova sanatsegulire Aisrayeli msika. Anasunga zovala zawo kuti zisathe zaka 40. Dalitso lake linaoneka m'kukhalitsa kwa chinthu, osati m'kuchuluka kwake. Paulo ali m'ndende ku Roma anapempha Timoteo kuti abwere chisanu chisanayambe, natenge chofunda chimene anachisiya ku Trowa. Aliyense amene anakwerapo phiri la Zomba m'mwezi wa June, nakumana ndi amayi osenza nkhuni m'nkhungu ya m'mamawa, adziwa kufunika kwa chofunda chimodzi. Ambuye Yesu, amene anali ndi mphamvu yochulukitsa mkate, analamulabe kuti makombo atoleredwe.

Makampani aakulu a zovala asintha masitayelo kangapo pa chaka, nasoka zosalimba, kuti wogula abwerenso msanga. Mzimu womwewo walowa pakati pathu. Ukwati uliwonse ufuna nsalu yakeyake, kwaya isintha yunifolomu yakale isanathe, ndipo msonkhano wa misasa usanduka malo oonetserana zatsopano. Mabanja ena alowa m'ngongole ya katapila chifukwa cha chitenje chovala tsiku limodzi. Ena akhala kunyumba pa Sabata chifukwa cha manyazi. Werengani Yakobo 2:1-4. Chigamba chosokedwa bwino pa malaya ochapa sichichititsa manyazi mwana wa Mulungu.

Tisanagule, tidzifunse: kodi ndikuchisowadi? Kodi chidzakhalitsa? Kodi chimene ndili nacho sichingakonzeke?

LACHINAYI: Singano ya Dorika

Kodi akazi amasiye a ku Yopa anaonetsa chiyani kwa Petro? Machitidwe 9:36-41. Yerekezani ndi Luka 3:11 ndi Eksodo 22:26, 27.

Dorika sanasiye ulaliki wolembedwa. Umboni wake unali malaya amene anasoka ndi manja ake, ndipo amasiye anali nawobe iye atamwalira. Yohane Mbatizi anaphunzitsa kuti malaya achiwiri ndi gawo la wosowa, ndipo chilamulo chinaletsa kugona ndi chofunda cha mmphawi monga chikole.

M'mwezi wa March 2023 namondwe wa Freddy anasiya mabanja ambiri a m'chigawo cha kummwera, ndi a m'boma la Zomba omwe, ali ndi chovala cha pathupi chokha, pamene m'masutikesi athu njenjete zinkadya zimene sitinavale kwa zaka. Timadandaula tikapeza sanza m'belo lochokera kunja. Tisachite chomwecho kwa abale athu. Chimene tipereka kwa amayi a Dorika chikhale chochapidwa, chosokedwa, chimene ife eni tikanachivala popanda manyazi. Kupatsa n'kuika. Chimene chathaitha chidulidwe kukhala chopondera pakhomo, chokolopera kapena chofunda cha zigamba, ndipo ana athu, aamuna ndi aakazi omwe, aphunzire kugwira singano.

LACHISANU: Kuphunzira Koonjezera

Werengani Zekariya 3:1-5 ndi Yesaya 61:10. Yoswa mkulu wa ansembe anaima m'zovala zalitsiro, Satana akumneneza, koma Yehova anamvula izo namveka zoyera. Ichi ndicho chovala chokha chimene sitingagule, pakuti mtengo wake unalipiridwa pa Gologota, pamene asilikali anachita maere pa malaya a Mpulumutsi. Munthu amene wavekedwa chilungamo cha Khristu safunanso kudzipezera ulemu ndi nsalu, ndipo ali mfulu kukhala ndi zochepa, kulipira zoyenera ndi kugawira ena.

Mafunso Okambirana:

1. Kodi mpingo wathu ungachepetse bwanji mtolo wa mayunifolomu ndi nsalu za maukwati pa mabanja osauka?

2. Mlongo wogulitsa kaunjika atsala ndi zovala zosagulika. Kodi kalasi lathu lingamthandize motani kuti zisakathere mu Likangala?

3. Tingasiyanitse bwanji kudzisamala koyenera nyumba ya Mulungu ndi kunyada?