Chilimira chikatuluka chopanda kanthu, timakanena chiyani kugombe?



Amene munagonapo ku Chembe mwezi uli mumdima mukudziwa momwe nyanja imaonekera. Nyali za asodzi a usipa zimangoti ngwee kulowera ku Thumbi ndi ku Domwe, ngati mudzi wina wamangidwa pamadzi. Koma nyali iliyonse imawalitsa kadera kochepa chabe. Kwina konseko ndi mdima, ndipo msodzi amaponya chilimira mongoyembekezera. Masiku ena chimatuluka chodzadza, masiku ena chopanda kanthu.

Asayansi ofufuza za chilengedwe chonse ali pa ntchito yofanana ndi imeneyi. Malinga ndi miyeso yawo, chilengedwechi chili ndi zaka pafupifupi 13.8 biliyoni. Chodabwitsa n'chakuti zonse zimene timaziona, nyenyezi, dzuwa, nyanja, ife tomwe, ndi magawo 5 okha pa 100 aliwonse. Magawo pafupifupi 27 ndi chinthu chosaoneka chimene amachitcha dark matter. Amadziwa kuti chilipo chifukwa cha mphamvu yake yokoka: m'zaka za m'ma 1970, Vera Rubin anapeza kuti nyenyezi za m'mphepete mwa milalang'amba zikuzungulira mothamanga kwambiri, moti pakanapanda china chozigwira zikanamwazikana. Magawo 68 otsalawo ndi dark energy, dzina limene anapatsa mphamvu imene ikufulumizitsa kufutukuka kwa chilengedwe, zimene zinadziwika mu 1998. Mayina anapereka, koma ukawafunsa kuti zinthuzi n'chiyani kwenikweni, amayankha poyera kuti sakudziwa.

Panali ganizo lina limene ambiri analikonda, lotchedwa supersymmetry. Mu 1974 Julius Wess ndi Bruno Zumino analilemba m'masamu, ndipo chaka chomwecho Abdus Salam wa ku Pakistan ndi John Strathdee analikuza. Limati kanthu kalikonse kakang'onong'ono kopanga zinthu, monga electron, kali ndi kanzake kamene sitinakaonebe. Kopepuka kwambiri mwa tinzaketo mwina ndi kamene kamapanga dark matter. Masamu ake ndi okongola, ndipo anthu anathera moyo wawo wonse pa ganizoli.

Ndiye anaponya chilimira. Ku CERN, pafupi ndi Geneva, kuli makina otchedwa Large Hadron Collider, ngalande yozungulira ya pansi pa nthaka yotalika makilomita 27, momwe amawombanitsa tinthu ting'onoting'ono pa liwiro loyandikira la kuwala. Pa 4 July 2012 analengeza kuti apeza Higgs boson, kanthu kamene Peter Higgs ndi anzake ananeneratu mu 1964. Anadikira zaka 48! Koma tinzake ta supersymmetry tija sitinaoneke mpaka lero.

Funso langa lili apa. Ukadikira chinthu zaka zambiri osachiona, kodi ndi kupirira kapena ndi kukakamira? Higgs anadikira ndipo zinatheka. Enawa adikira zaka zoposa 50. Ena akuti tinthuto ndi tolemera kuposa mphamvu ya makinawa, tiyeni tipitirize. Ena akuti basi, tikaponye kwina. Kunena zoona, uli pakati pa nyanja sungadziwiretu amene akulondola.

Ine ndikuona kuti kusiyana kwake sikuli pa kutalika kwa nthawi, koma pa zimene umanena m'mawa ukakocheza. Wopirira amati, "Lero sitinaphe, ndipo tinaponya apa ndi apa." Wokakamira amabisa, kapena amatola tiwiri n'kumati bwato ladzadza. Ofufuza a ku CERN amasindikiza ngakhale zimene sanapeze, kunena malire a pamene afufuza kale, kuti wobwera pambuyo asataye mafuta pa malo omwewo. Kulephera konenedwa mwachilungamo kumathandiza anzako. Kupambana kwabodza kumawasocheretsa.

Nanga ife? Tivomereze, pa WhatsApp timakonda kutumizirana mauthenga akuti "asayansi atsimikiza" ichi ndi icho, makamaka akamagwirizana ndi zimene timakhulupirira kale. Sitifunsa kuti asayansi ake ati, anayeza bwanji, liti. Cholinga chimakhala chabwino, eya, koma taganizani za mng'ono wanu wa Fomu 3 amene wakhulupirira uthengawo, kenako n'kudzapeza m'buku la fizikisi kuti sizinali choncho. Sadzakayikira uthenga wokhawo. Adzayamba kukayikira inu, ndi zina zonse zoona zimene munamuuza. Chikhulupiriro sichifunika kuchirikizidwa ndi mzati wa bodza.

Masheikh athu akayankha funso amamaliza ndi mawu akuti Allahu a'lam, Allah ndiye Wodziwa koposa. Si mawu a munthu waulesi amene sanawerenge. Ndi a munthu amene wawerenga mpaka wafika pamene nyali yake ikuthera, ndipo sakuchita manyazi kuloza malirewo.

Choncho sabata ino ndikupempha zinthu ziwiri. Musanatumize uthenga wa "asayansi atsimikiza", fufuzani kaye, ndipo mukalephera kuutsimikiza usiyeni. Chachiwiri, mwana akakufunsani funso loposa nzeru zanu, muyankheni kuti "sindikudziwa, tiye tifufuze." Mwina mwana ameneyo, amene lero akuyanika usipa pa thandala ku Chembe, ndi amene adzaponye chilimira pamene ena onse sanaganizepo, in shaa Allah.

Inuyo munanena liti komaliza kuti "ndinalakwitsa" pa chinthu chimene munachiteteza kwa nthawi yaitali? Tiuzeni m'munsimu.