Mthunzi wa Odikira Ulendo

Mu Okutobala, dzuwa likafika paliwombo ku Balaka, anthu odikira ulendo amasendera pang'onopang'ono kutsatira mthunzi wa khoma, mayi akukankha chikwama ndi phazi mwana ali kumsana, wa kabaza atatsamiritsa njinga pa mtengo umodzi womwewo umene wogulitsa malambe ndi wa madzi a m'majumbo akuphangirana. Palibe wodandaula, poti tonse tinazolowera kuti kudikira ndi kupsa n'zoyendera limodzi. Koma anagamula zimenezo ndani?

Njanji yochokera ku Blantyre inadutsa pa Balaka n'kukafika ku Salima mu 1935, ndipo ina yopatukira pa Nkaya, kuwoloka Shire pa Liwonde mpaka ku Nayuchi, inatsegulidwa mu 1970. Lero pa njanji ya ku Nayuchiyi pamadutsa sitima zazitali za malasha a ku Moatize zopita ku Nacala. Akatswiri anayeza kulemera kwa mabogi, kulimba kwa mlatho, kupendekeka kwa nthaka, ndipo anachita bwino, chifukwa kupanda kutero bwenzi tikulira maliro. Nanga ndi angati amene amakhala pansi n'kuyezanso kumene dzuwa lidzakhale nthawi ya 2 koloko masana, gogo wopita ku Nayuchi ali chikhalire pa thumba la chimanga?

Kumabwalo a ndege a mayiko ena funso limeneli lili ndi eni ake, anthu olembedwa ntchito yolingalira za mitengo, timisewu ta oyenda pansi ndi pokhala. Ku Singapore, pa bwalo la Changi, mu 2019 anatsegula Jewel, nkhalango ya m'kati mwa nyumba ya magalasi yokhala ndi mathithi otalika mamita 40. Ndalama zake n'zoti ife tingozimva m'makutu, ndipo sindizo zimandikhudza. Chimandikhudza n'chakuti amalowamo ngakhale munthu wopanda tikiti. Taganizirani za pa Chileka kapena pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi: wopitirira m'kati ndi mwini chiphaso yekha, pamene amalume, azakhali ndi amayi a ku tchalitchi amene abwera pa minibasi yahayala amatsala. Malangizo omaliza, pemphero, kandalama kofumbatitsa m'manja mobisa, zonsezi zimachitikira kunja kwa chitseko chimenecho. Ngati wokonza malo aganizira wokwera yekha, kodi sanaiwale gulu lalikulu, limene labwera osati kudzayenda koma kudzasiyana ndi munthu wawo?

Koma kubzala mitengo pamalo otere si ntchito yongokumba dzenje n'kuponyamo mbande. Pafupi ndi pamene ndege zimatera sabzala mitengo ya zipatso kapena kusiya madzi odikha, chifukwa zimaitana mbalame, ndipo mbalame ikalowa mu injini ndi ngozi. Pafupi ndi njanji kapena pamphambano, monga pa Chingeni, mtengo usatchinge maso a woyendetsa. Dera louma ngati Balaka nalonso limasankha lokha. Kapinga amafuna madzi amene anthu eniake akuwasowa, ndipo mapeto ake amamutchingira ndi waya n'kuikapo chikwangwani choletsa kuponda, anthu n'kukhala pa fumbi kumayang'ana udzu umene ankati ndi wawo. Malo otero ndi a chithunzi, si a munthu. Chikhalirecho nimu amapirira chilala, kachere amayala nthambi zokwana khamu, ndipo msangu uli ndi khalidwe lodabwitsa loyoyola masamba m'dzinja n'kuphuka m'chilimwe, nthawi yeniyeni imene mutu ukufuna pobisala.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, potichenjeza kuti timusamale msanga asanachoke. Ife mwina tinaumva mokhota mwambiwu, n'kumati poti achoka posachedwa apirire. Koma pa siteshoni mlendo satha. Wa m'mawa akakwera, pamalo pake pakhala wina, ndipo kuvutika kumene aliyense akuti n'kwa maola awiri okha kumakhala kwa zaka makumimakumi. Vuto n'lakuti wodutsa sabwereranso kudzadandaula, sabwereranso kudzathokoza. Ndiye pamene khalidwe lathu limaonekera poyera: kodi tingathe kuthirira mtengo zaka zisanu, kuuteteza ku mbuzi ndi njerwa kapena minga, chifukwa cha munthu amene sitidzamudziwa dzina, amenenso voti yake akaponyera kwina? Kuchitira zabwino mnansi n'kosavuta, pajatu mawa tidzamufuna pa maliro.

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba mu Disembala. Inu a khonsolo ku Balaka ndi ku Machinga, a njanji, mafumu, ngakhalenso inu a m'makomiti a kabaza ndi minibasi, chaka chino mbande zina zipite pa depoti ndi pa siteshoni, ndipo musabalalike musanatchule dzina la amene adzazithirire mvula ikadzatha.