Kodi Chauta ali ndi tsankho pa makanda?

Khanda likamwalira m'midzi ya ku Nsaru, amayi okha ndiwo amakaliika, ndipo mawu otonthoza amene amamveka pakhomo ndi akuti Mwini wake walitenga. Sindifuna kulanda anamfedwa chitonthozo chimenechi. Komabe ngati imfa ya khanda ili chifuniro cha Chauta nthawi zonse, tiyenera kufunsa chifukwa chake chifunirocho chimalondola khungu ndi thumba la makolo, pakuti ku America makanda a anthu akuda amafa mowirikiza kawiri kuposa a azungu, ndipo kuno ku Lilongwe, m'masiku a atsamunda, azungu anali ndi chipatala chawo kumtunda pomwe eni dziko ankathithikana ku Bottom, kumene lero tikutcha Bwaila. Mu 1992 makanda oposa 130 pa 1,000 alionse m'Malawi ankafa asanakwanitse chaka. Pofika 2016 anatsika kufika pa 42. Chauta sanasinthe mtima m'zaka zimenezo, anthu ndiwo anagwira ntchito.

Imene yatsalira ndi ntchito ya pakati pa mimba ndi mimba. Mayi ali woyembekezera amapimidwa magazi kusikelo ya ku Kabudula kapena ku St Gabriel's ku Namitete, nalandira mankhwala oteteza malungo. Koma akangochira, maso onse amatembenukira kwa mwana, iye nabwerera kumunda wa fodya magazi asanabwerere m'thupi, ndipo akaima msanga, wobadwayo amadza wochepa thupi, mkulu wake nachotsedwa kubere nthawi isanakwane. M'mera mpoyamba.

Makolo athu, ngakhale analibe sikelo, ankazidziwa izi, n'chifukwa chake mwamuna wotumbiza mkazi ankadzudzulidwa ndi anamkungwi pamaso pa ankhoswe. Boma la Kamuzu, litakaniza za kulera zaka zambiri, linalola mu 1982 kuti mabanja aziphunzitsidwa kubereka motalikirana, ndipo bungwe la WHO limalangiza kuti papite zaka 2 mayi asanaimenso. Amene amati kupumitsa mkazi ndi kukana mphatso ya Mulungu akumbukire Hana wa m'Baibulo, amene sanakwere kunka ku Silo kufikira mwana wake Samueli ataleka kuyamwa, ndipo Elikana mwamuna wake anamvomereza. Kwathu kuno mbali ya Elikana ndiyo ikusowa mwini, popeza nkhani za kulera zimalalikidwa kwa amayi tsiku la sikelo, pamene abambo, amene mawu awo ndiwo amamanga m'nyumba, ali pamsika kapena pabawo.