Krish ananamiza ndani ku Goa?

Sabata yathayi ndamaliza kuwerenga 2 States, buku la Chetan Bhagat lomwe linatuluka mu 2009. Mwina ena munaonera filimu yake ya 2014, ya Arjun Kapoor ndi Alia Bhatt ija.

Krish, mnyamata wa mtundu wa Punjabi wa ku Delhi, anakumana ndi Ananya, mtsikana wa mtundu wa Tamil wa ku Chennai, pa sukulu ya zamalonda ya IIM ku Ahmedabad. Anakondana, koma makolo a mbali zonse sanafune n'kumva komwe. Kuthawitsana akanatha, poti onse anali atapeza ntchito zabwino, koma anapangana kuti sakwatirana mpaka makolo atavomera ndi mtima wonse.

Apa Krish ndinamukonda. Anakagwira ntchito ku Chennai, n'kumaphunzitsa mlongo wake wa Ananya, kuthandiza bambo ake pa kompyuta, mpaka kupezera mayi ake mwayi woimba pagulu. Mkamwini weniweni, khasu lokha ndi limene linasowa.

Koma zimene zandisowetsa tulo zinachitikira ku Goa, komwe awiriwa anatengera makolo awo kuti akazolowerane. Mayi ake a Krish atayamba kuvuta, iye pofuna kuwaziziritsa mtima anawauza kuti ukwati ukangochitika, Ananya adzamuwongola kuti azimvera. Mwatsoka Ananya anamva. Chibwenzi chinathera pomwepo, ngakhale kuti pambuyo pake anabwererana.

Mnzanga wina amene anandibwereka bukuli akuti Ananya anapsa mtima msanga, poti mwamunayo ankangonyengerera mayi ake. Ine ndakana. Tiyeni tiganize bwino. Ngati Krish ankanena zoona, ndiye kuti anagulitsa bwenzi lake. Ngati ankanama, ndiye kuti chilolezo cha mayi ake anachigula ndi lonjezo limene sadzalikwaniritsa, ndipo mayiwo adzabwera ndithu kudzatenga zawo. Adzalipire ndani? Si Krish ayi, ndi Ananya, m'khitchini, mwamuna ali ku ntchito. Nanga Ananyayo akanadziwa bwanji kuti wonamizidwa ndi mayiwo osati iyeyo? Munthu amene amauza aliyense zomukomera sudziwa tsiku limene akukuuza zoona.

Sindikumuweruza ngati ine ndine mngelo. Krish anakulira m'nyumba ya bambo wankhanza, ndipo mayi ake analibe wina womudalira koma iye. Mwana wotere amaphunzira msanga kuzimitsa moto ndi mawu alionse amene ali pafupi. Nanenso ndinanenapo "musadandaule mayi, ndithana nazo" pa nkhani imene sindinkafuna kuthana nayo m'pang'ono pomwe. Komabe kumvetsa chifukwa chake sikuchotsa ngongole ija.

Chondikwiyitsa n'chakuti Bhagat akumupulumutsa mnyamatayu mosavuta. Amene akukonza zinthu ndi bambo ake omwe aja, amene sankalankhulana naye, atapita okha ku Chennai kukakambirana ndi makolo a Ananya. Ndimeyi ndi yokhudza mtima, sindikana, ndinaiwerenga kawiri. Koma ndatseka bukuli ndisanakhutire kuti mayi aja anamvetsa kuti zimene analonjezedwa ku Goa sizidzachitika. Ukwati unachitika, anthu anasangalala, ana amapasa anabadwa. Ine maganizo anga atsalira pa tsiku loyamba limene mayiwo adzakacheze kunyumba kwa mwana wawo, Krish atapita ku ofesi.