Nsalu Yoyera pa Bwinja la Gibellina

Usiku wa pa 14 kuchera pa 15 Januwale 1968 chibvomezi chinagwedeza chigwa cha Belice pa chisumbu cha Sicily, ku Italy. Anthu mazana anafa, ndipo mudzi wa Gibellina unasanduka bwinja. Otsala anawamangira mudzi wina kutali ndithu. Nanga bwinja lija, m'mene munafera abale ao, akanalitani?

Mkulu wa mudziwo, Ludovico Corrao, anaitana mmisiri Alberto Burri. Iyeyu sanafune kuimika chipilala m'mudzi watsopano. Anaunjika zogumuka pamalo pomwe zinagwera, nazikuta ndi simenti yoyera yofika m'mapewa mwa munthu, nasiya mipata yotsata miseu yakale. Nchitoyo inaima mu 1989 ndalama zitatha, ndipo inatsirizika mu 2015, mwini wake atamwalira kale mu 1995. Wobadwira m'mudzimo angathe kuyenda m'mipatamo, nazindikira pamene ankakhota popita ku Misa.

Ena mwa eni mudzi sanakondwe, pakuti simentiyo inabisa ngakhale makomo a nyumba zao. Tisawaweruze, wolira maliro salamulidwa kaliridwe. Komabe poona phiri lonse litapfundidwa choyera, ife tikumbuka nsalu imene Yosefe wa ku Arimatea anakulungamo thupi la Ambuye. Eklezia amawerenga kuika akufa pakati pa nchito zachifundo, ndipo Burri anaika mudzi wathunthu m'manda mwaulemu.

Inu aphunzitsi a Mpingo, mudzamva anthu akuti chibvomezi ndi chilango cha ochimwa. Muwawerengere Luka Woyera, mutu 13. Kumeneko Ambuye Yesu anena za anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera, nakana kuti iwo anachimwa koposa anzao a m'Yerusalemu. Chifukwa chake chikumbutso cha Akristu chisaloze munthu chala.

Kanthu kamodzi kandisowa pa Gibellina: pa simenti yonse ija palibe maina a akufa. A ku Christchurch, ku New Zealand, anachita mwina. Pokumbuka anthu 185 amene anafa pa chibvomezi cha pa 22 Febuluwale 2011, anamanga khoma m'mbali mwa mtsinje wa Avon, nalembapo maina, nalitsegula mu 2017. Mai wamasiye angathe kuika dzanja pa dzina la mwamuna wake, nalitchula pamaso pa Mulungu, monga wansembe atchulira wakufa pa Misa ya maliro.